Prostate ya bambo anga yakula ndipo akukhalira paipi: kodi palibe njira ina?

NaJere: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Nkhani yanga ndi yovuta kuikamba koma ndasowa kofunsa. Bambo anga ali ndi zaka za m'ma 70. Chaka chatha mkodzo unawatsekera usiku, mimba kutupa, iwo kumangobuula. Tinathamangira nawo kuchipatala, anawaika paipi, mkodzo unatuluka wambiri ndipo anapezako bwino. Adokotala anati prostate yakula. Chiyambire tsiku limenelo moyo wawo ndi wa paipi basi, mwezi ukatha kukasinthitsa. Kutchalitchi analeka, pamaliro sakhalitsa, akuti thumba lija limanunkha ndipo anthu amawayang'ana. Ine ndimamva kuti kunja kuli njira zatsopano zosachita kumung'amba munthu. Ndi zoona? Nanga kwathu kuno zingatheke?

Malume a ku Joni: Pepani chemwali. Kuno m'mafamase muli mabotolo a mankhwala a zitsamba otchedwa saw palmetto, madala ambiri akumwa zimenezo. Ndikhoza kukutumizirani pa basi. Koma za opaleshoni iwalani, munthu wamkulu chotero asayandikire mpeni.

Bambo a Yankho: Ndikutsatira nawo chamumtima.

CO wa ku Mpoto: A NaJere, ndifotokoze kaye chinthucho kuti tiyendere limodzi. Prostate ndi kachiwalo ka amuna okhaokha. Kali pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwa mnyamata kamakhala kakang'ono ngati suku, magalamu 20 kapena 25. Munthu akapitirira zaka 40 kamayamba kukula pang'onopang'ono n'kumafinya njira ija. Pofika zaka 60, pafupifupi theka la amuna kamakhala katakula, ndipo mwa ofika zaka 80 ndi ochepa amene amapulumuka. Poyamba munthu amangoona kuti mkodzo ukuchedwa kuyamba, ukutuluka mofooka, ukudukizadukiza, akamaliza akumva ngati watsala, usiku akudzukadzuka. Kukula kumeneku si khansa, ngakhale munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri.

Ndiye tisanafike kwa azungu, ndiyankheni izi. Anawapima ndi chala kumbuyo? Anawatenga magazi a PSA, aja othandiza kuona ngati pangakhale khansa ya prostate, ndi a impso? Anawaunika pa sikani kuti aone kukula kwake? Ndipo anayesapo kuwachotsa paipi atawayambitsa mankhwala?

NaJere: Chala anawapima tsiku loyamba lija. Zinazo ayi. Mapiritsi amangolandira a kupha tizilombo akamva kuwotcha. Akapita amangosintha paipi n'kubwerako.

CO wa ku Mpoto: Vuto lagona pamenepo. Paipi ndi yopulumutsira munthu usiku umene watsekeka, si mathero a chithandizo. Koma azibambo ambiri m'midzimu amangozolowera tsiku losinthitsa, ife achipatala nafenso pamzere pakakhala anthu ambiri timangosintha, zaka n'kumapita palibe wofunsa kuti kodi mapeto ake n'chiyani.

Mankhwala alipo amitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa gulu la tamsulosin, muli doxazosin ndi alfuzosin momwemo. Awa sachepetsa prostate, amangomasula minofu ya m'kati mwake ndi ya pakhomo pa chikhodzodzo kuti njira itseguke, ndipo amagwira pa masiku ochepa. Munthu akatsekeka koyamba timamuika paipi, kumupatsa tamsulosin masiku awiri kapena atatu, kenako kuchotsa paipi kuti tione ngati akodza yekha. Ambiri ndithu amakodza. Wachiwiri ndi finasteride kapena dutasteride. Awa ndiye amachepetsadi prostate, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, koma amafuna miyezi 6 kupita mtsogolo, ndiye anthu amataya mtima pamwezi woyamba n'kusiya. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa MTOPS, amene anatuluka mu 2003, anaonetsa kuti kuphatikiza mitundu iwiriyi kumachepetsa mpata woti vuto likule ndi 66 peresenti.

Kwa bambo anu amene akhala ndi paipi nthawi yaitali, mwayi woti mapiritsi okha awachotsere paipi ndi wochepa, sindikunamizani. Kuyesa n'kololedwa, koma mukonzekere kumva za opaleshoni.

Mai Busa: Ine ndithokoze a CO, a Clinical Officer athuwa, chifukwa chonena poyera kuti ndi ukalamba. Kumpingo kwathu bambo wina atatsekeka mkodzo, anthu anayamba kunong'onezana kuti anawatchera chifukwa choyenda ndi mkazi wa mwini. Mayi a kunyumba kwawo analira misozi iwiri, ya matenda ndi ya manyazi. Anazungulira nawo kwa asing'anga mpaka miyendo kutupa, pofika kuchipatala impso zinali zitavulala kale.

CO wa ku Mpoto: Zimenezo ndi zimene timaopa, Mai Busa. Mkodzo ukamatsalira tsiku ndi tsiku umabwerera m'mwamba n'kukapanikiza impso, nthawi zina popanda ululu uliwonse. Bambo wachikulire akayamba kukodzera pogona usiku, chonsecho sanachitepo, musamuseke ndipo musadikire, chikhodzodzo chimakhala chadzadza mpaka kusefukira. Apite tsiku lomwelo.

Nesi ku Leeds: Moni nonse, ndangotuluka pa shifiti ya usiku. Ndimagwira ku wodi ya za mikodzo, ndiye funso la a NaJere ndiliyankhe momwe ndimazionera kuno.

N'zoona, zasintha kwambiri pa zaka 20 zapitazi. Opaleshoni imene njira zonse zatsopano zimayerekezedwa nayo ndi TURP. Sang'amba mimba ayi, amalowetsa chida chokhala ndi kamera kudzera pa njira ya mkodzo n'kumapala mnofu umene watseka, pang'onopang'ono, munthu atam'baya jakisoni wa pamsana. Yokhayo yasinthanso: makina akale ankafuna madzi amene akalowa ambiri m'magazi ankatsitsa mchere wa m'thupi, munthu n'kusokonezeka mutu. Makina a masiku ano, a bipolar, amagwiritsa ntchito madzi a mchere a m'diripi, ndiye ngozi ija inachepa kwambiri.

Kenako kuli HoLEP, ya laser. Anaiyambitsa madokotala a ku Tauranga ku New Zealand, Peter Gilling ndi Mark Fraundorfer, m'zaka za m'ma 1990. Iyi m'malo mopala, amasenda mnofu wonse wa m'kati n'kuukankhira m'chikhodzodzo, kuuphwanya, kuutulutsa. Ubwino wake ngwakuti ilibe malire a kukula, ngakhale prostate ya magalamu 150 amaichita osang'amba. Magazi amataika ochepa, paipi nthawi zambiri imachoka m'mawa mwake, ndipo si kawirikawiri kuti munthu abwererenso. Kwa azibambo amene akhala ndi paipi nthawi yaitali, iyi ndi imene ndimaona ikuwamasula kwambiri. Vuto lake, ena mkodzo umawadontha kwa masabata kapena miyezi asanakhazikike, makina ndi odula, ndipo dokotala amatenga nthawi kuti aidziwe bwino.

Zimene mumamva pa Facebook kuti munthu walowa m'mawa masana ali kunyumba ndi zina. UroLift, imene America inailola mu 2013, amabaya timawaya ting'onoting'ono tokoka mbali ziwiri za prostate kuti pakati patseguke, osadula kalikonse. Rezum, ya 2015, amabaya nthunzi ya madzi otentha m'kati mwa prostate, masekondi 9 pa malo alionse, mnofu umafa n'kumafota wokha pa miyezi ingapo. Poyamba pamatupa, ndiye munthu amapita kunyumba ndi paipi kwa masiku angapo. Aquablation, ya 2017, ndi loboti yodula ndi madzi othamanga mwamphamvu, dokotala atajambula kaye pa sikani malo oti achotse. Ndiye pali PAE, imene madokotala a ku São Paulo ndi Lisbon anaitchukitsa: amalowa pa mtsempha wa m'ntchafu kapena pamkono n'kukatseka timitsempha todyetsa prostate kuti ifote. Iyi imathandiza amene thupi lawo silingapirire opaleshoni.

Malume a ku Joni: Mwaona! Nthunzi basi, popanda mpeni. Ndiye bwanji osangowatengera madala ku India akachite ya nthunziyo?

Nesi ku Leeds: Malume, chifukwa chatsopano si ndiye kuti champhamvu kuposa. UroLift ndi Rezum anazipangira makamaka prostate yapakatikati, magalamu 30 mpaka 80, mwa munthu amene akukodzabe yekha koma movutikira. Sizitsegula njira kufika pamene TURP kapena HoLEP zimafika. Pa kafukufuku wa UroLift, pafupifupi amuna 14 mwa 100 alionse anafunikanso opaleshoni ina pasanathe zaka 5. Ndiye tangoganizani, banja lagulitsa ng'ombe ndi munda, lakwera ndege, kenako vuto labwerera ali kumudzi komwe kulibe amene anaonapo timawaya timeneto. Bambo a NaJere sitikudziwa n'komwe kukula kwa prostate yawo, sitikudziwa ngati chikhodzodzo chawo chikadali ndi mphamvu yofinya. Chikhodzodzo chikatopa, ngakhale mutatsegula njira ndi laser ya mtengo wapatali, mkodzo sutuluka bwino.

CO wa ku Mpoto: Ndiwonjezere za botolo lanu lija, Malume, musakhumudwe. Saw palmetto anaiyesa bwinobwino ku America kawiri, zotsatira zinatuluka mu 2006 ndi mu 2011, kachiwirika anachita kuwonjezera mlingo mpaka katatu. Sinasiyane ndi piritsi lopanda mankhwala. Kulinso wina wotchedwa pygeum, wochokera ku makungwa a mtengo wa Prunus africana wa m'nkhalango za m'mapiri a mu Africa muno. Ku Cameroon anausenda kwambiri kutumiza ku Ulaya mpaka malonda ake anaikiridwa malamulo a CITES, pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama kuti zisathe, mu 1995. Ena amati umawathandizako pa zizindikiro zazing'ono, koma munthu amene watsekeka kale sangachotse paipi ndi makungwa.

Malume a ku Joni: Inu achipatala chilichonse chosachokera kwa inu mumachinyoza. Mnzanga akumwa ndipo akuti akugona bwino.

CO wa ku Mpoto: Mnzanuyo mwina anasiyanso mowa wa usiku, mufunseni. Zizindikirozi zimakwera n'kutsika zokha. Ndalama ya botoloyo mukanatumiza ya thiransipoti ndi ya sikani, ikanagwira ntchito.

Mphunzitsi Wopuma: Ana inu, lolani ndilankhule ine amene ndinagonapo pa tebulo. Ndinachitidwa TURP kwathu konkuno, sindinakwere ndege. Ndisanapite ndinkadzuka usiku mpaka mayi a kunyumba anasamukira kuchipinda cha ana, paulendo wa basi ndinkakhala pampando wa kukhomo ndipo sindinkamwa kanthu kuyambira dzulo lake. Kudikira tsiku la opaleshoni kunali kwa nthawi yaitali, ndipo kangapo ndinabwezedwa, tsiku lina akuti magazi osungira palibe, tsiku lina makina. Koma itachitika, ndinagona masiku ochepa, akutsuka chikhodzodzo ndi madzi mpaka mkodzo kuyera. Atachotsa paipi ndinakodza mpaka ndinaseka ndekha m'chimbudzi.

Tsopano ndinene chimene amuna pagulu pano akufuna kufunsa koma akuchita manyazi, a Bambo a Yankho ndikukuonani. Mphamvu za m'nyumba sizinathe. Chimene chinasintha n'chakuti pomaliza sipatuluka kanthu, umuna umabwerera m'chikhodzodzo n'kudzatuluka ndi mkodzo. Kumva kukoma kulipo. Adokotala anandichenjeza ndisanasaine, ndipo ine ana ndinamaliza kalekale, zidzukulu zili mbwee, ndiye sindinadandaule. Koma mnzanga wina sanauzidwe, anaganiza kuti amufula, mpaka lero amauza aliyense kuti asapite.

Bambo a Yankho: Aphunzitsi mwandigwira. Chabwino ndinene. Ine ndili ndi zaka 56, ndinayamba tamsulosin chaka chino. Kukodza kuli bwino, koma zimene mwanenazo zikundichitikira chonsecho sanandichite opaleshoni. Komanso ndikadzuka msanga pampando ndimamva chizungulire. Ndinatsala pang'ono kusiya osauza munthu.

CO wa ku Mpoto: Bambo a Yankho, zonse ziwirizo ndi za tamsulosin, n'zodziwika. Umuna kuchepa kapena kusatuluka kumatha mukasiya kapena kusintha mankhwala, si kwamuyaya. Alfuzosin savuta kwambiri kumbali imeneyo, kambiranani ndi amene anakulemberani. Chizungulirecho n'chifukwa amatsitsako BP, muziwamwa madzulo mutadya, ndipo podzuka muziyamba mwakhala kaye pabedi. Ngati mumamwanso a BP, akuyezeni mutakhala komanso mutaima.

Pali njira inanso imene ambiri saidziwa: tadalafil wa 5 mg tsiku lililonse. Anthu amamudziwa ngati wa mphamvu za abambo, koma kuyambira 2011 ndi wololedwa pa vuto la prostate, ndiye amathandiza mbali zonse ziwiri. Chenjezo lake ndi lalikulu: amene amamwa mankhwala a mtima a nitrate, aja oika pansi pa lilime kapena isosorbide, asayerekeze, BP imagwa moopsa. Ndipo osagula pamsika n'kuphatikiza nokha ndi tamsulosin.

Finasteride nayenso ali ndi zake. Ena chilakolako chimachepa, mabere amatupako. Amatsitsanso PSA ndi theka, ndiye poyezetsa muzinena kuti mukumwa, apo ayi khansa ikhoza kubisala kuseri kwa nambala yooneka yabwino. Mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka.

Nesi ku Leeds: Apa ndi pamene njira zatsopano zija zili ndi malo ake enieni. Pa TURP amuna pafupifupi awiri mwa atatu umuna umabwerera m'mbuyo, pa HoLEP n'chimodzimodzi kapena kuposa. UroLift ndi Rezum ambiri zimawasiyira zonse momwe zinalili, Aquablation nayo imayesetsa. Ndiye bambo wa zaka 55 amene mapiritsi amutopetsa, prostate yake si yaikulu, ndipo nkhani ya kuchipinda ndi yofunika kwa iye, akhoza kusankha nthunzi akudziwa kuti mwina adzabwereranso. Wa zaka 75 amene akungofuna kutaya thumba, ayang'ane imene itsegule kamodzi n'kutheratu.

Manyaziwa ndiye ali ponseponse, musaganize kuti ndi kwathu kokha. Mu January 2024 Mfumu Charles italengeza kuti ikukachitidwa chithandizo cha prostate yokula ku London Clinic, anthu owerenga za vutoli pa tsamba la NHS, bungwe la zipatala za boma kuno ku UK, anachuluka zedi, ndipo kuwodi kwathu tinayamba kuona madala amene anakhala chete zaka. Kwa abale anga amene muli kuno ku UK: mwamuna wakuda mmodzi mwa anayi amadzapezeka ndi khansa ya prostate pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8. Mukafika zaka 45 kambani ndi GP za PSA, ngakhale mukukodza bwinobwino, chifukwa khansayo ikamayamba nthawi zambiri siivutitsa mkodzo.

Che Mjomba wa ku Mangochi: Salaam nonse. Ine funso langa, kuno kunyanja mkodzo wa magazi tinakula nawo, timati likodzo basi. Achimwene anga a zaka 60 akukodza magazi komanso movutikira. Ndi prostate yomweyo?

CO wa ku Mpoto: Che Mjomba, musathamangire kunena kuti prostate, musathamangirenso kunena kuti likodzo. Likodzo la zaka zambiri limawononga chikhodzodzo ndipo limabweretsa khansa ya chikhodzodzo, imene m'madera a kunyanja timaiona ndithu. Munthu wa zaka 60 wokodza magazi afunika sikani, ndipo ngati n'kotheka kumuunika m'kati ndi kamera, osati kungomupatsa praziquantel wa likodzo uja n'kumubweza. Apite msanga.

Ndipo poti tafika apa, si aliyense wovutika kukodza amene ali ndi prostate yokula. Chinzonono cha paunyamata chimene sichinachizidwe bwino chimasiya chipsera m'njira ya mkodzo, chimadzatseka patapita zaka, ndipo tamsulosin sachita kanthu pamenepo. Shuga amakodzetsa usiku. Mapiritsi a BP aja okodzetsa, HCT ndi Lasix, mukamamwa madzulo mudzuka usiku wonse, imwani m'mawa. Ndipo mankhwala ena a chimfine, Piriton, ndi amitriptyline amatha kumutsekeratu munthu amene prostate yake inali kale pamalire. Ambiri amene amabwera usiku atatsekeka, ukafunsa bwino, amakhala anamwa a chimfine kapena anachezera mowa paukwati n'kuusunga mkodzo nthawi yaitali.

NaJere: Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Ndiye ndikapita nawo ndikanene chiyani kwenikweni? Ine ndikaona dokotala mawu amandithawa.

CO wa ku Mpoto: Lembani papepala. Mukapemphe magazi a impso ndi PSA, koma muwauze kuti ali ndi paipi chifukwa paipi ndi matenda a mkodzo zimakweza PSA. Mukapemphe sikani ya impso, chikhodzodzo ndi kukula kwa prostate. Mukafunse ngati angayambe tamsulosin ndi finasteride n'kuyesa kuchotsa paipi. Zikakanika, mupemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu, KCH, Queens, Mzuzu kapena Zomba malinga ndi kumene muli. Madokotala a za mikodzo m'dziko muno ndi owerengeka, ndiye dzina lilowe m'buku msanga. Ikapezeka kuti ndi yaikulu kupitirira magalamu 80, musadabwe akanena zong'amba pamimba. Ndi njira yakale, imafuna magazi osungira ndi kugona sabata kapena kuposa, koma imatsegula bwino kwambiri ndipo madokotala athu anaizolowera. Zaka 70 pazokha si chifukwa chokanira, amayang'ana mtima, mapapo, shuga ndi magazi.

Nesi ku Leeds: Podikirapo, za fungo zija zili ndi pothawira. Azimwa madzi okwanira masana, ambiri amadzimana poopa kudzadza thumba ndiye mkodzo umakhala wakuda, wonunkha, paipi n'kumatsekeka. Thumba lizikhala pansi pa chiuno nthawi zonse, pamalo polowera paipi azitsuka ndi sopo ndi madzi tsiku lililonse. Kuli timatumba tomangirira pamwendo m'kati mwa thalauza, palibe amene angadziwe kutchalitchi. Paipi ya silicone imakhala mpaka masabata 12, pamene ya labala ija ndi ya mwezi umodzi. Ndipo asamamwe ma antibiotic chifukwa choti mkodzo wachita mbuu. Aliyense wa paipi amakhala ndi tizilombo mumkodzo, mankhwala ndi a pamene watentha thupi, akunjenjemera, kapena akumva kuwawa m'mbali mwa msana.

Malume a ku Joni: Chabwino mwandigonjetsa ndi chizungu chanu. Chemwali, timatumba ta pamwendoto kuno tilipo, nditumiza timeneto m'malo mwa botolo. Koma mnzanga uja sindimuuza kuti asiye.

Mphunzitsi Wopuma: A NaJere, bambo anu akakana za opaleshoni, musalimbane nawo inu mwana wamkazi, sangakuuzeni chimene akuopa. Pezani mwamuna mnzawo amene anachitidwapo akacheze nawo paokha. Ngati palibe, ndilembereni ku inbox, ndiwaimbira.

Bambo a Yankho: A CO, funso lomaliza. Diso langa lamanzere lili ndi ng'ala, anandilemba kuti akabwera a maso adzandichite. Ndisiye kaye tamsulosin?

CO wa ku Mpoto: Mwachita bwino kufunsa. Tamsulosin amafewetsa kamnofu kozungulira mwana wa diso, ndiye pochotsa ng'ala kamavuta kukagwira. Kusiya sabata imodzi sikuthetsa zimenezo, zimatsalira ngakhale mwa amene anasiya kalekale, ndipo mukasiya mwadzidzidzi mukhoza kutsekeka mkodzo. Musasiye nokha. Muwauze a masowo tsiku lokuyezani, osati muli kale pa tebulo, ndipo mutenge paketi ya mankhwalayo akaione. Akadziwiratu amakonzekera ndipo opaleshoni imayenda.

Bambo a Yankho: Ndamva. Paketi ndaiika kale m'buku la kuchipatala.

Che Mjomba wa ku Mangochi: Achimwene avomera, tinyamuka Lolemba m'mawa. A CO, sikaniyo amafuna munthu asadye?

CO wa ku Mpoto: Adye, palibe vuto. Koma amwe madzi ndipo asakodze atatsala pang'ono kulowa, chikhodzodzo chimaoneka bwino chikakhala chodzadza. Akamaliza adzawauza akakodze n'kuwaunikanso kuti aone wotsalira.